Mtsempha Wotupa ndi Nyumba Yopanda Mwana

Nkhani ya madzulo ano ndi ya amuna, ndipo ndiyesa kuikamba mwaulemu.

Banja likakhala zaka zitatu popanda mwana, ankhoswe asonkhana, ndipo cala ciloza mkazi. Ena ambwezera kwao, ena aitana fisi usiku. Koma madokotala apeza kuti pafupi theka la maukwati otere, bvuto lili ndi mwamunanso.

Cina cotseka mphatso ndi nthenda yochedwa varicocele. Mitsempha ya magazi ya m'thumba la mwamuna, momwe mupangika mbeu, itupa ndi kupotana, kawirikawiri kumanzere. Mwa amuna 100, pafupi 15 ali nayo, ndipo ambiri a iwo abala bwino. Koma mwa amuna 100 amene sanabalepo, ipezeka mwa 35 kapena kuposa.

Nanga iononga bwanji? Thumbalo lifunika kukhala lozizira pang'ono kuposa thupi. Magazi akaima m'mitsempha yotupayo, patentha. Tsono kumbukilani khasu losiyidwa pamvula. Mpweya womwewo umene utipatsa moyo ulidya ndi dzimbiri. M'thupi namonso mpweya usiya tizinthu toukali, ndipo pamalo otentha'wa ticuluka, tidya khungu la mbeu ndi za m'kati mwace, mpaka mbeu ilephera kusambira. Azungu acicha oxidative stress.

Zoletsa dzimbiri limeneli, zimene ati antioxidants, tili nazo m'dimba ndi m'thengo. Malambe ndi magwafa ali ndi vitamini C. Nsawa zathu za Chalimbana ndi mpendadzuwa zili ndi vitamini E. Nthanga za maungu, zimene ife amuna tiziyesa za ana, zili ndi zinki. Onjezani matimati ofiira ndi bondwe. Amai, cidulo ndi soda zipha vitamini C mumphika, cotero musathire m'ndiwo iriyonse. Fodya ndi kacasu ziwonjeza dzimbiri lija.

Komabe ndisakunamizeni. M'caka ca 2020 ku America anafalitsa zimene anapeza atapatsa amuna ena mapiritsi a antioxidants, ena mapiritsi opanda kanthu: mbeu sinasiyane, ana obadwa sanaculuke. Ine sindingagulitse mbuzi cifukwa ca botolo la mapiritsi. Cakudya cabwino cisamala thupi, koma sicimasula mtsempha wopotana.

Umenewo ufuna dokotala. Amuyesa munthu ali ciimire, napima mbeu yace, ndipo ngati kuli koyenera amanga mitsemphayo ndi opareshoni yaing'ono. Mbeu yatsopano itenga pafupi miyezi 3 kuti ikhwime, motero musataye mtima mwezi woyamba.

A ku Katete, cipatala ca St Francis cili pafupi. A ku Sinda yambani ku Nyanje. A ku Vubwi pemphani kalata pakiliniki yanu yopita nayo ku Chipata. Pitani awiri, koma inu bambo mulowe poyamba.