Angerezi ndi Manda a Afarao

Mwana wa sukulu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe akafunsidwa za dzina la mzinda wa Blantyre sachedwa kuyankha. Amishoni a ku Scotland amene adamanga misasa m'dziko la mfumu Kapeni mu 1876 adatcha malowo dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwira. Koma akafunsidwa chimene Livingstone ankafuna pa ulendo wake wotsiriza, uja adadzera kwa Mponda mu 1866, amangoti ankalalika Uthenga ndi kulimbana ndi ukapolo. Zimenezo nzoona, komabe panali china chimene chidamudya mtima kufikira imfa. Ankafunafuna magwero a Nile, mtsinje wa Afarao.

Livingstone adaŵerenga buku la Herodotus, Mgriki amene adayenda m'dziko la Aigupto zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Mgrikiyu adamva kwa mlembi wina wa m'kachisi kuti Nile amatumphuka pa akasupe akuya pakati pa mapiri aŵiri. Herodotus mwiniwake adaganiza kuti mlembiyo ankangomuseleula, koma Livingstone adaikapo mtima wonse. Adakhulupirira kuti akasupewo ali chakumadzulo kwa nyanja ya Bangweulu, ndi kuti mtsinje wa Lualaba ndiwo Nile, chikhalirecho ndi Congo. Ankayembekezanso kupeza zizindikiro zotsimikiza nkhani ya Mose. Adavutika m'madambo odzaza madzi, akutaya magazi, mpaka adamwalira m'mudzi wa Chitambo pa 1 Meyi 1873.

Anyamata ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, adakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumika thupi ndi mchere ndi dzuŵa. Adalikulunga m'nsalu ndi m'khungwa, nalinyamula miyezi isanu ndi inayi kufikira ku Bagamoyo. Chuma anali Myao, woomboledwa m'manja mwa ogula akapolo kumapiri kuno mu 1861. Motero mu 1874 mzinda wa London udalandira mtembo woumika ndi manja a anthu a kuno. Mzindawo unali utazoloŵera kale mitembo youmika, koma ya mtundu wina.

Chikondi cha Angerezi pa Aigupto wakale chidakula kuyambira mu 1801, pamene adagonjetsa Afalansa kumeneko ndi kuwalanda mwala wa Rosetta. Mwalawu, umene udafika ku British Museum mu 1802, uli ndi uthenga umodzi wolembedwa m'zilembo za mitundu itatu, ndipo ndiwo udathandiza Mfalansa Champollion kuŵerenga zolemba za Afarao mu 1822. Manda atayamba kulankhula, anthu adapenga nawo. M'zaka za m'ma 1830 sing'anga wina wa ku London, Thomas Pettigrew, ankavundukula mitembo ya Aaigupto pamaso pa khamu, ndipo mabwana ndi madona ankalipira ndalama kuti aonerere. Omvera akumbukire kuti kuno munthu saloŵa kumanda mfumu isanalole, ndipo woseŵera ndi mtembo amatchedwa mfiti. Kumeneko ankati ndi maphunziro.

Nkhani ya amphaka njomvetsa chisoni ndi kuseketsa pamodzi. Aaigupto akale ankalemekeza mphaka, ndipo ankamuumika ngati munthu. Mu 1890 ku Liverpool kudafika amphaka oumika pafupifupi 180,000, olemera matani 19. Oŵerengeka adapita kunyumba zosungira zakale. Otsalawo adawagulitsa kuti aperedwe ndi kuthiridwa m'minda ngati feteleza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu 1878 adaimika m'mphepete mwa mtsinje wa Thames chipilala cha mwala umodzi chotalika mamita 21, chimene amachitcha Cleopatra's Needle ngakhale adachisemetsa ndi Farao Thutmose Wachitatu, zaka zoposa 1,000 Cleopatra asanabadwe. Amalinyero asanu ndi mmodzi adamira panyanja pochibweretsa. Misala yeniyeni idadza mu 1922, pamene Howard Carter adapeza manda a Tutankhamun, chuma chili momwemo. Zovala, mipando ndi nyumba za kanema zidayamba kutengera zojambula za Afarao. Lord Carnarvon, amene ankalipira ntchitoyo, atamwalira mu Epulo 1923, manyuzipepala adati mzimu wa Farao walipsira. Awa ndi anthu omwe aja ankanyoza makolo a kuno chifukwa choopa mizimu.

Kodi chidawakoka nchiyani? Mbali ina linali Baibulo. Mngerezi aliyense adakula ndi nkhani ya Yosefe ndi ya Mose, monganso Mmalaŵi amene adaŵerenga za Aigupto mu Buku Lopatulika. Koma mbali yaikulu unali ufumu. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, Aigupto adasanduka khomo la ku India, ndipo mu 1882 Angerezi adaloŵamo ndi nkhondo. Chaka chomwecho ku London kudabadwa bungwe lofukula zakale la Egypt Exploration Fund. Olamulira maiko ambiri adadziona ngati oloŵa m'malo a Afarao. Harry Johnston, amene adadzakhala bwanamkubwa woyamba ku Zomba mu 1891, adali atalemba kale mu 1888 za ulamuliro wa Angerezi woyambira ku Cape kufikira ku Cairo. Waya wa telegalafu wa Cecil Rhodes, umene udadutsa mu Blantyre ndi ku Karonga m'zaka za m'ma 1890, unkalinga ku Cairo komweko. Udathera ku Ujiji.

Choipa cha chikondi chimenechi nchakuti adamuchotsa Aigupto mu Africa m'maganizo mwawo. Adati nzeru zidabadwira kumpoto, ndipo chilichonse chokongola chopezeka kumwera chidadza ndi alendo. Katswiri wina, Grafton Elliot Smith, adafika pophunzitsa kuti luso lalikulu lonse la padziko lidafalikira kuchokera kwa Aaigupto. Amalaŵi amene adapita ku Harare kukagwira ntchito amawadziŵa malinga a miyala a Great Zimbabwe. Theodore Bent, amene adakumba pamenepo mu 1891 mothandizidwa ndi kampani ya Rhodes, adati adamanga ndi Afoinike kapena Aluya. Ganizoli lidawakomera atsamunda, pakuti ngati eni nthaka sadamangepo kanthu, wolanda nthakayo alibe mlandu.

Chodabwitsa nchakuti bodzali adaligwetsa ndi anthu ophunzira ntchito yawo ku Aigupto komweko. Kumeneko Flinders Petrie adaphunzitsa ofukula kuti asamathamangire golide, koma aziŵerenga nthaka muyalo ndi muyalo ndi kusunga phale lililonse, chifukwa mapale ndiwo amaulula zaka. David Randall-MacIver, wophunzira wa Petrie, adakumba ku Great Zimbabwe mu 1905, napeza ziŵiya za anthu akuda pansi pa makoma. Adanena poyera kuti omanga anali Aafirika. Azungu a ku Rhodesia adakwiya. Mu 1929 kudabwera mayi Gertrude Caton-Thompson, amene adafukulapo ku Fayum, ndipo naye adapeza zomwezo. Ngakhale zinali choncho, boma la Ian Smith lidakakamirabe nthano ya alendo, kotero kuti katswiri Peter Garlake adachoka m'dzikomo mu 1970.

Nanga nthaka ya Malaŵi? Pamene maso onse anali ku Nile, yathu idakhala nthaŵi yaitali osafunsidwa kanthu. Nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri, imene anthu a ku Zingwangwa ndi Chilomoni amaidutsa popita ku Limbe, idatsegulidwa mu 1966, ufulu utabwera kale. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, zopezeka pa malo 127, zidaloŵa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ndipo mu 1950 Desmond Clark adafukula mafupa a anthu m'phanga la phiri la Hora ku Mzimba. Kafukufuku wa mu 2017 adaonetsa kuti mmodzi mwa anthuwo adaikidwa m'manda zaka pafupifupi 8,100 zapitazo. Manda aakulu a Farao Khufu ku Giza ali ndi zaka 4,500.