Amai a pa msika, NHIMA ikhale yanu inunso

Awa ni mau amene wapampando wa azimai a cipani cathu anakamba kwa amalonda pa msonkhano wa ku Riverside, mu Kitwe. Tawalemba monga mmene anakambila. Tumizilankoni anzanu.

Amai na atate, akulu-akulu a komiti ya msika, na inu ana anga amene mumatinyamulila masaka m'mamawa. Nidziwa kuti kuno ku Kopala Cibemba ndiye cimalamulila, koma lelo munilole nikambe m'Cinyanja, cifukwa nkhani iyi iniwawa mumtima, ndipo zowawa munthu amakamba bwino m'citundu ca amai ake. Nidziwanso kuti mwasiya matebulo. Ena mwasiyila mwana, ena mwangovinikila tomato na saka. Sinizakucedwetsani maningi.

Niyambe na mkulu wanga. Anali kugulitsa kapenta na nyemba, zaka zambili, ndipo ana ake onse anaphunzila na ndalama ya pa tebulo ija. Anayamba kutaya magazi masiku amene si ake. Anati ni ukalamba ukubwela. Msana unayamba kuwawa, anagula Panado pa kantemba. Tikamuuza kuti tiyeni ku cipatala, anali kuyankha kuti, "Nanga kapenta aniyang'anile ndani? Nikatseka lelo, mailo tidya ciani?" Tsiku limene anagwa pa msika ndiye tsiku limene tinamutengela ku cipatala. Dokotala anatiitana pambali n'kutiuza kuti ni khansa ya pa khomo la cibalilo, ndipo yapita kale patali. Kenaka anakamba mau amene sananicoke mpaka lelo: akanabwela zaka zingapo kumbuyo, nesi akanaimaliza tsiku limodzi, isanakhale khansa n'komwe.

Tinagulitsa filiji. Tinatenga kaloba. Cilimba conse cinathela pa mabasi a ku Lusaka. Tinamuika m'manda ngongole zikali pamutu.

Mkulu wanga sanali yekha. Mu Zambia muno, caka ciliconse azimai opitilila 3,000 amapezeka na khansa imeneyi, ndipo pafupi-fupi 2,000 amamwalila nayo. Ndiye khansa imene ikupha azimai ambili kuposa ina iliyonse m'dziko lathu. Koma mvelani apa, cifukwa ambili sitinauzidwe bwino. Matendawa amayamba na kacilombo kochedwa HPV, kamene anthu amapatsilana pogonana, ndipo kafala kwambili cakuti anthu ambili amakatengako pa moyo wao osadziwa. Kwa ambili thupi limakacotsa lokha. Kwa ena kamakhalilila, n'kuyamba kusintha pang'ono-pang'ono khungu la pa khomo la cibalilo. Kuti pafike pa khansa pamapita zaka 15 olo 20. Kwa mai amene ali na HIV zimafulumila, ndipo a WHO amati ngozi yake ni yoculuka kasanu na kamodzi kuposa ya mai amene alibe. Zaka zonse izo palibe cowawa. Uli bwino-bwino, ukuseka na makasitoma, ukupita ku Nakonde kukaoda katundu. Ndiye nthawi imene ifunika kupimitsa, pamene sukudwala.

Ndipo kupima kwake si kwa makina odula iyai. Kuyambila mu 2006, manesi athu muno mu Zambia akhala akupima azimai na viniga. Inde, viniga. Nesi amapaka pa khomo la cibalilo, ndipo malo amene ayamba kuonongeka amayela. Akaona koyela, nthawi zambili amakuthandiza pamenepo, kupsereza tumalo tuja na kacipangizo kozizila kwambili kapena kotentha, iwe n'kubwelela kunyumba. M'makiliniki a boma kupima kumeneku ni kwaulele. Dziko lathu linali limodzi mwa maiko oyambilila mu Africa kucita zimenezi mokulila, ndipo manesi aja niwapatsa ulemu.

Manje funso ni ili: ngati ni kwaulele, n'cifukwa ciani tikali kuika azimai m'manda?

Cifukwa kwa mai wa pa msika kulibe caulele. Wa mu ofesi akapita ku kiliniki, malipilo ake a pa mwezi sacepa. Inu mukapita, mwataya tsiku lonse. Mwalipila basi kupita na kubwela, mwaima pa mzele kuyambila 06:00, tomato ikupsa pa dzuwa, levy ya khonsolo ikuyembekeza, ndipo wa village banking safuna kumva kuti munali ku cipatala. Akakuuzani kuti bwelaninso pa Cinai, ni tsiku lina lotaika. Ndiye mai amasankha tebulo. Ine sinimuimba mlandu. Amene anakonza dongosolo la zaumoyo osaganizila mai ameneyu ndiye afunika kuyankha.

Apa ndiye pabwela NHIMA. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo linakhazikitsidwa mu 2018, ndipo kudula ndalama pa malipilo kunayamba mu October 2019. Ganizo lake ni labwino, sinizanama: tonse tiponye pang'ono m'mbale imodzi, amene wadwala athandizidwe, monga mmene timacitila pa cilimba. Boma lakale ndiye linaibweletsa, boma lilipo ndiye likuiyendetsa. Ine sinabwele kuzakangana kuti mwana ni wa ndani. Nabwela kuzafunsa cifukwa cake mwanayu akudya ku nyumba imodzi cabe.

Onani mmene iyendela. Wa pa nchito yolembedwa amadulidwa 1 peresenti, abwana ake n'kuikapo 1 peresenti inanso. Tinene kuti alandila K5,000. Iye K50, kampani K50, pamodzi K100, ndipo ndalamayo imacoka yokha asanaigwile n'komwe. Saiwala, salumpha mwezi. Manje inu abwana anu ni ndani? Palibe. Mumalipila mwekha, kucoka m'thumba la citenje, ndipo mufunika kukumbukila mwezi na mwezi. Koma msika suyenda na mwezi. Pali January, pamene ndalama yonse yapita ku mayunifomu na nsapato za ana. Pali mainza, pamene makasitoma sabwela. Pali mwezi wa malilo. Ambili mwaniuza nkhani imodzi-modzi: munalembetsa na mtima wonse, munalipila miyezi ingapo, zinthu zinavuta, ndipo tsiku limene munadwala munauzidwa kuti coyamba mumalize zotsalila. Munthu akudwala, ndiye nthawi yomufunsa ngongole?

Enanso mwaniuza kuti muli na khadi yolipila bwino-bwino, koma mumapatsidwa kapepala kuti mukagule mankhwala kwina. Nyuzipepala zalemba kambili za ndalama zimene NHIMA yacedwa kulipila ku zipatala na ma pharmacy. Bungweli linacotsedwa ku unduna wa zaumoyo kupita ku unduna wa zanchito, pambuyo pake n'kubwezedwanso. Kusamutsa-samutsa nyumba, koma denga likali kudontha.

Ndipo tisaiwale zamanyazi zija. Mu 2024 makontena 61 a mankhwala a boma anapezeka angokhala pa yadi ya kampani ina ku Lusaka, pamene odwala anali kubwezedwa m'makiliniki. Mu May 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, anaima pamaso pa atolankhani n'kulengeza kuti dziko lao licotsa madola 50 miliyoni pa thandizo la mankhwala, cifukwa mankhwala opatsidwa kwaulele anali kubedwa n'kugulitsidwa m'mashopu. Amene anaba sadwalila pa mzele umene inu mumaimapo. Mu 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa, na Zambia yemwe, analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Bajeti ya 2024 siinafikepo, ya 2025 siinafikepo.

Manje ife tikuti bwanji? Cifukwa kudandaula cabe olo mwana angakwanitse.

Cacikulu ni ici: boma likhale abwana a mai wa pa msika. Mukaponya yanu, boma liponyepo yake, monga mmene kampani icitila kwa wa mu mgodi. Musaniuze kuti ndalama kulibe. CDF inali K1.6 miliyoni pa constituency, mu 2022 inakwela kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inapitilila K36 miliyoni. Imeneyo tinaiyamikila, ndipo tikali kuiyamikila. Koma ngati ndalama iyo ingagule madesiki na magileda, ingalephele bwanji kusungila khadi mai wamasiye amene agulitsa vitumbuwa? Ndipo inu simuli opempha. Mumalipila levy tsiku lililonse, mumalipila msonkho pa mafuta a basi, pa talk time, pa mobile money. Khonsolo imadziwa tebulo lanu na nambala yake ikafuna ndalama. Ikudziweninso mukadwala.

Malipilidwe nayonso asinthe. Wamalonda apeza ndalama pa tsiku, mulekeni alipile pa tsiku olo pa wiki, pa foni, tung'ono-tung'ono monga mmene aponyela cilimba. Ndipo amene walipila miyezi yambili mokhulupilika asatsekeledwe khomo cifukwa ca mwezi umodzi woipa. Athandizidwe coyamba, zotsalila azimaliza akacila.

Cina cimene nifuna mucigwile bwino, cifukwa ndiye cikanapulumutsa mkulu wanga. Inshuwalansi isamayembekeze kuti munthu agwe. Nesi abwele kumene kuli azimai. Ku Chisokone, ku Nakadoli, ku Masala ku Ndola, na kuno ku Riverside, pakhale kacipinda kaukhondo, kotseka bwino, tsiku lodziwika mwezi uliwonse, kumene mai angasiye tebulo kwa mnzake mphindi 30 cabe, apimidwe cibalilo, mabele, BP na shuga, n'kubwelela kukagulitsa. Masiku ano kulinso njila yakuti mai adzitengele yekha tumadzi na kathonje, n'kupeleka kuti akapime HPV, popanda kuvulila munthu. Kwa amene amacita manyazi, iyi ndiye yabwino. Ndalama ya NHIMA ilipile zimenezi. Kupsereza kamalo kamodzi pa kiliniki na kusunga munthu miyezi pa bedi ya khansa, cochipa n'citi? Olo amene sanapite ku sukulu masamu aya awadziwa.

Ndipo akakupeza na vuto lalikulu, ulendo usakhale wako wekha. Cipatala ca khansa ca ku Lusaka cinatsegulidwa mu 2007, ndipo kwa zaka zonse izi dziko lonse lakhala likuyang'ana kumeneko. Kucoka kuno ni makilomita pafupi-fupi 360. Basi, cakudya, pogona wodwazika, zonse ni zako. Makina ake ootchela khansa atawonongeka, odwala ena anacita kutumizidwa ku Tanzania. Ndiye cipatala ca khansa ca ku Ndola tizaciyang'anitsitsa na maso awili. Sitifuna cimango copaka penti cojambulitsilapo zithunzi. Tifuna makina oyaka, madokotala okhalapo, na mai wa ku Kitwe amene apita m'mawa n'kugona kunyumba kwake madzulo. Pa bodi ya NHIMA napo pakhale mai amene amagulitsadi pa tebulo, wosankhidwa na anzake, ndipo ngongole za bungweli zizilengezedwa poyela kuti tonse tiziona.

Izi ni zimene tizamenyela, mu khonsolo, ku Nyumba ya Malamulo, na pa masankho. Koma pali zina zimene sizifunika kuyembekeza voti, ndipo nikakhala cete apa ningakhale wandale wacabe-cabe.

Ana anu aakazi. Katemela wa HPV anayamba kupelekedwa m'dziko lonse mu 2019, ndipo mu 2023 anafika kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14. Ni waulele. Namvako zimene zikambidwa m'mabasi na pa WhatsApp, ati katemela uyu atseka mimba, ati ni njila yocepetsela anthu akuda. Ni bodza. Atsikana mamiliyoni m'maiko ambili analandila, anakula, ndipo akubeleka. Ine amene nikutsutsa boma pa zambili nikukuuzani kuti pa ici boma likamba zoona. Kalata ikabwela kucoka ku sukulu, sainani. Ngati mwana sali pa sukulu, mupelekeni ku kiliniki.

Inu atate, naona mwayang'ana pansi kuyambila pamene nachula cibalilo. Kwezani mitu. Kacilombo aka amuna nawonso amakanyamula, ndiye mkazi wanu akapezeka nako musayambe milandu yakuti wacita ciani. Ena mumakaniza akazi anu kupimitsa, ati thupi la mkazi wanga lisaonedwe. Nanga akazagona pa bedi ya cipatala, azamuona ni angati? Nesi akanena kuti pambuyo pa cithandizo mai apumule milungu ingapo, mvelani. Ndipo tsiku limene apita kukapimitsa, khalankoni pa tebulo. Kugulitsa impwa tsiku limodzi sikunaphepo mwamuna.

Amai, ngati mwafika zaka 30, olo 25 ngati mumamwa ma ARV, pitani mukapimitse ngakhale palibe cowawa. Ngati muona magazi pambuyo pokhala pamodzi na amuna anu, olo magazi abwelanso pamene munaleka kale kusamba, olo kumaliseche kucoka zonunkha zosatha, olo mwamva kam'bulu m'bele, musayembekeze mwezi uthe, ndipo musayambile kwa sing'anga. Amene mwapitilila zaka 65, lamulo limati simufunika kulipila NHIMA, koma mufunika kulembetsa. Tengani NRC yanu mupite.

Tisanabalalike, gulu lililonse la cilimba lisankhe tsiku mwezi uno. Mupite awili-awili, otsala ayang'anile matebulo a anzao, wiki yotsatila musinthane. Kumbuyo uko kuli atsikana athu awili na buku. Amene munabwezedwapo na khadi m'manja, olo munauzidwa kukagula mankhwala amene munalipilila kale, lembetsani zimene zinacitika na mwezi wake. Dzina ngati simufuna musalembe. Buku limenelo tizalipeleka kwa khansala na kwa MP, ndipo yankho imene azatipatsa tizabwela kuzaiwelenga pamalo pano.

Bwelelani ku matebulo, makasitoma a madzulo ayamba kufika.