Kuŵerenga Tchati Poluka Lesi

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi chisanu cha mu Juni ndi Julaye chimaphunzitsa munthu kugwira singano zolukira. Lero tikambirana za lesi, nsalu ija ya mabowo okongola imene timayala pa tebulo, kufunditsa khanda, kapena kukongoletsera m'mphepete mwa chovala.

Ntchito za manja si zachilendo kwanuko. Mishoni ya ku Mvera inayamba m'chaka cha 1889, ya ku Kongwe mu 1894, ndipo m'malo otere atsikana ankaphunzira kusoka ndi ntchito zina za pakhomo. Koma ambiri a ife tinaphunzira kuluka poonerera manja a mnzathu. Njira imeneyi ndi yabwino, koma ili ndi vuto limodzi: mphunzitsi akasamuka kapena akamwalira, maluŵa ake amapita naye. Nchifukwa chake tiyenera kudziŵa kuŵerenga tchati.

Tchati ndi pepala la timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kamaimira sitichi imodzi. Mzere wa timabokosi umaimira mzere umodzi wa zoluka. Mulibe ziganizo zazitali, muli zizindikiro zokha, kotero kuti mayi wa ku Malomo kapena ku Mponela amene sadziŵa Chingerezi angathe kuluka duŵa lolembedwa ku Germany kapena ku Japan, akangouzidwa tanthauzo la zizindikirozo.

Choyamba, tchati siiŵerengedwa ngati kalata. Kalata timayambira pamwamba kumanzere. Tchati timayambira pansi kumanja, chifukwa nsalu imakula kuchokera pansi ndipo singano zimayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mizere 1, 3 ndi 5 ndiyo nkhope ya nsalu, ndipo iŵerengedwa motero. Mukatembenuza nsalu kuti muluke mizere 2, 4 ndi 6, ŵerengani kuchokera kumanzere. Koma ngati mukuluka mozungulira, monga kansalu ka pa tebulo koyambira pakati, mizere yonse iyambira kumanja. Matchati ena amaonetsa mizere ya kunkhope yokha. Pamenepo mizere ya kumbuyo ilukidwa wamba.

Chachiŵiri, dziŵani zizindikiro. Kaŵirikaŵiri kabokosi kopanda kanthu ndi sitichi wamba. Kozungulira ngati dzira katanthauza kukoloŵeka ulusi pa singano, ndipo pamenepa ndi pamene pamabadwa bowo. Kamzere kopendekera katanthauza kuluka masitichi aŵiri pamodzi, ndipo kumene kapendekera ndi kumene sitichiyo idzagonere. Komabe olemba matchati amasiyana, choncho yambani mwaŵerenga kandandanda ka matanthauzo kamene kali pambali pa tchatiyo.

Tsono mverani chinsinsi cha ntchito yonseyi. Bowo lililonse limaonjezera sitichi imodzi, ndipo kuluka aŵiri pamodzi kumachotsa imodzi. Tinene kuti bowo ndi ngongole imene iyenera kubwezedwa. Pa nsalu yosasintha m'lifupi, mukakoloŵeka ulusi kasanu ndi kamodzi, muyenera kuchotsanso masitichi 6. Ngati duŵa lanu lili ndi masitichi 10 ndipo mwalibwereza kasanu ndi kamodzi, ndi imodzi ya kumapeto, pa singano payenera kukhala 61. Mukapeza 60 kapena 62, imani pomwepo. Wolukira lichero amadziŵa zimenezi: akalumpha msungwi umodzi, mizere yonse yotsatira imakhota.

Mwina wina afunsa kuti, kodi kulakwa sitichi imodzi kuli ndi kanthu? Pa juzi wamba kulakwa kumabisala. Pa lesi kumaonekera patali, pakuti bowo limodzi likachoka pamalo pake, tsamba lonse limapindika. Mayi amene walonjeza kuluka nsalu ya pa ukwati, atagula ulusi ndi ndalama za mtedza kapena za mbatata, sangakondwe kumasula ntchito ya masabata aŵiri, ndiponso ulusi womasula kaŵiri umatha mphamvu.

Nazi njira zitatu zodzitetezera. Ikani kapepala pamwamba pa mzere umene mukuluka, kuti maso aziona mzere umenewo ndi ya pansi imene mwaluka kale. Potero mudzafanizira pepala ndi nsalu. Mangani kaulusi ka mtundu wina pa singano pomwe duŵa limodzi lathera, kuti kulakwa kupezeke m'masitichi 10 osati mu 61. Ndipo mukatha duŵa lathunthu, pisani ulusi wosalala m'masitichi onse ndi singano yosokera. Mukalakwa kutsogolo, mudzamasula kufika pa ulusi umenewo basi.

Ku zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, amayi anatchuka ndi nsalu za lesi zopepuka kwambiri kotero kuti zimapyola mu mphete ya ukwati. Manja ao sasiyana ndi anu. Luso lao lagona pa kuŵerenga mofatsa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pomaliza ndikupempheni chinthu chimodzi. M'midzi mwathu alipo agogo amene ali ndi maluŵa m'mutu mokha. Tengani tsamba la kope la masamu, lija la timabokosi, mukhale nao pakhonde dzuŵa likuŵala, ndipo mulembe sitichi iliyonse pamene iwo akuluka. Pamwamba pake mulembepo dzina lao ndi mudzi wao, kuti adzukulu adzadziŵe mwini duŵalo.