Chimfine cha Agogo Sichidikiridwa

Nkhani imene ndadza nayo ikukhudza iwo amene anatibala.

Nonse munamvapo za asilikali a m'thupi. Pakati pawo pali gulu lina, maselo otchedwa NK, amene akatswiri a ku Stockholm ndi a ku America anawazindikira m'chaka cha 1975, ndipo ntchito yawo ili ngati ya mlonda wa usiku, amene safunsa mbala dzina asanaigwire. Kachilombo ka chimfine kakalowa m'mphuno ndi m'mapapo, asilikali amene amapanga chitetezo cholimbana ndi kachilombo kameneko amatenga pafupifupi sabata kuti akonzeke; koma alonda awa, pa masiku awiri kapena atatu oyamba, amakhala atafika kale, naboola maselo amene agwidwa, nawathira ululu wowapha, nadzutsanso anzawo.

Chodabwitsa n'chakuti munthu akakalamba, alondawa sachepa kwenikweni m'magazi, nthawi zina amachuluka ndithu. Chimene chimawathera ndi mphamvu, kotero kuti aliyense amapha pang'ono ndiponso mochedwa. Akatswiri atayesa pa mbewa zokalamba, anapeza kuti ofika m'mapapo nthawi ya chimfine anali ochepa kuposa pa mbewa zazing'ono. Motero chimfine chimene mdzukulu amathamanga nacho mamina ali chuu, kwa agogo chimatsika m'chifuwa nichitsegulira chibayo khomo.

Apa ndipo ndikupemphani mumvetsetse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawuwo ngoona pa zambiri, koma pa chifuwa cha nkhalamba sagwira ntchito, pakuti thupi lokalamba nthawi zambiri silitentha ngakhale matenda atakula, ndipo ife timadzinyenga kuti zipola. Mukaona agogo akupuma mofulumira, akusiya nsima m'mbale, akungogona masana, kapena akuitana mdzukulu ndi dzina la mwana wawo amene anamwalira kale, musadikire kuti kuche kawiri. Funani njinga kapena kabaza, muwatengere kuchipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje tsiku lomwelo, ndipo ngati kuli koyenera, adokotala adzawatumiza ku Kamuzu Central.

Makapisozi ogula pamsika sapha kachilombo ka chimfine, ndipo zimandipweteka mtima kuona ndalama ya mtedza ikuthera pamenepo. Ndalamayo igule usipa ndi mazira. Phala la agogo likhale la soya kapena lotsira nsinjiro, madzi akumwa asasowe pambali pa mphasa. Moto wa utsi usayake m'nyumba yotseka imene iwo amagonamo. Ndipo inu amayi, mwana akayamba kutsokomola, mutengeni agone kwanu kufikira atachira, ngakhale agogo ake akane bwanji.