MAINA A TIZIDUTSWA TA MIPOPE

Madzi amene anthu a mu mzinda wa Dar es Salaam amamwa acokera kutali. Ambiri atungidwa mu mtsinje wa Ruvu, kumene makina oyeretsa madzi anayamba nchito ku Mlandizi m'caka ca 1959, ndi ena kufupi ndi Bagamoyo m'caka ca 1976. Mipope yaikuru iwatenga mtunda woposa makilomita 50. Komatu pofika pakhomo pa munthu, cimene ciwasunga kuti asatayike ndi tizidutswa tolumikiza mipope, tina tosaposa cala kutalika kwace.

Tizidutswa timeneti tiri ndi maina, ndipo mmisiri wa mipope, amene m'Ciswahili amamucha fundi bomba, sagula kanthu m'masitolo a ku Kariakoo popanda kuwadziwa. Mainawo ndi a Cingerezi amene malilime a anthu anawapinda, ndipo amisiri a ku Blantyre, Lusaka ndi Bulawayo angawamve osabvutika.

Koyamba ndi nipo, kadutswa kafupi kokhala ndi mazinga kunja, mbali zonse ziwiri. Mazinga ndiyo mizere yozungulira ija imene zitsulo zimangirana nayo. Soketi isiyana nayo pakuti mazinga ace ali m'kati. Wotumidwa nipo nabwera ndi soketi wayenda ulendo wacabe. Yuniyoni iri ndi zigawo zitatu, ndipo ilola munthu kumasula mpope pakati osazunguza mzere wonse. Alipo amisiri amene aisiya poopa mtengo wace. Kumeneko nkupusa, pakuti tsiku lokonza adzayenera kudula mpope wabwino ndi sowo.

Msinkhu nawo usokeretsa. Mpope wochedwa wa theka la inchi, ukayesedwa kunja, uli pafupi ndi mamilimita 21, ndiko kuposa theka la inchi kutali. Dzinalo lisonyeza cabe gulu lace.

Coopsa koposa ciri m'mazinga. A ku Britain atsata muyeso wa Joseph Whitworth wa m'caka ca 1841, wopendekeka madigiri 55. A ku America apendekeka madigiri 60. Pa mpope wa theka la inchi, mitundu yonse iwiri iri ndi mizere 14 pa inchi imodzi, cotero nipo ya kwina ilowa ndithu mu soketi ya kwina, mmisiri nayesa kuti zatheka. Madzi akabwera ndi mphamvu, pamenepo payamba kudontha, usana ndi usiku.

Mu mzinda womwewo muyambira mpope wina umene sutenga madzi ai, koma mafuta. Ndiwo wa TAZAMA, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968 kuti Zambia apeze njira yosadzera ku Rhodesia. Uyenda makilomita 1,710 kufikira ku Ndola, ndipo msinkhu wace woyamba unali mainchesi 8. Pa mipope yotere zitsulo ziocherezedwa ndi moto kapena kumangidwa ndi mabauti, ndipo maina asintha. Kadutswa kokhala ndi mbale zamabauti uku ndi uku, kamene kacotsedwa pofuna kukonza pampu, kachedwa spool piece. Kena kafupi, koocherezedwa kuti katseke mpata wotsala pamene mipope iwiri yaitali yalephera kukomana, kachedwa pup piece. Mau akuti pup atanthauza mwana wa galu, cifukwa kadulidwa ku mpope waukuru ndipo kafanana nao m'zonse kupatula kutalika.