Amayi, Yang'anani Njinga Musanakwere

Amayi, ambiri mwa inu mwabwera kusikelo kuno pa njinga yamoto ya kabaza, kuchokera ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, mwana ali kumsana. Kumbukirani kuti khanda lilibe chisoti, ndipo mutu wake ngwofewa.

Bawuti ikatha mazinga siigwiranso. Eni njinga ena amangoimanga ndi waya kapena malegeni kunyumba, koma pa mabampu imamasuka, gudumu nkuguluka kapena buleki nkukanika. Chofunika ndi bawuti yatsopano, kapena makaniko akonze mazingawo.

Tsono mukaona waya pa gudumu kapena pa buleki, musakwere. Mukakwera ina, valani chisoti, pindani chitenje kuti tcheni isachikoke, ndipo mapazi a mwana atalikirane ndi paipi yotentha ya utsi.

Nkwabwino kuchedwa kusikelo kusiyana ndi kukagonekedwa ku Gulupu.