Za Mawochi Ogulitsidwa pa Okushoni

Inu aphunzitsi a m'midzi, lero tilankhula za kanthu kakang'ono kamene ambiri a ife tibvala pamkono, ndiko wochi. Ife tiigula kuti tidziwe nthawi yakuliza belu ndi yakuweruka ana. Koma alipo anthu olemera m'maiko akutali amene asonkhanitsa mawochi monga munthu acurukitsa ng'ombe m'khola mwace, nalimbirana pa okushoni, pamene wokweza mtengo koposa anzace ndiye atenga katundu.

Tamvani cimene cinacitika ku New York pa 26 October 2017. Nyumba ya malonda ya Phillips inaturutsa wochi ya Rolex, ya mtundu wa Daytona, yacitsulo cabe, yopanda golidi kapena mwala wa mtengo. Mwini wace woyamba anali Paul Newman, munthu womveka m'mafilimu, amene anakondanso mpikisano wa magalimoto. Iye anamwalira m'caka ca 2008. Mkazi wace, Joanne Woodward, poopa liwirolo, anamgulira wochiyo, nalembetsa kumbuyo kwace mau akumcenjeza kuti ayendetse mosamala. Ndipo m'caka ca 1984 Newman anafunsa nthawi kwa mnyamata wina, bwenzi la mwana wace wamkazi. Poona kuti mnyamatayo alibe wochi, anabvula yace, nampatsa. Mnyamatayo anaisunga zaka 33.

Tsiku la malondalo, woitana mtengo anayambira pa madola 1 miliyoni. Asanatsirize kunena, wina wa pa lamya anati, 10 miliyoni. Zitapita mphindi ngati 12, wochi inagulidwa pa madola 17,752,500, kuphatikizapo gawo la ogulitsa. Dzina la wogula silinaululidwa.

Tsono tifunsane, munthu uyu anagula ciani? Akadafuna nthawi, wochi ya batire ya mtengo wa nkhuku ikadamtumikira bwino koposa, pakuti wochi yocita kupotera mphamvu ndi dzanja imafulumira kapena kutsalira masekondi angapo tsiku ndi tsiku. Cimene cikweza mtengo ndico kusowa kwa cinthu. Mawochi a nkhope yonga ya Newman, pakuturuka kwao koyamba, anthu sanawakonda; anakhalitsa m'masitolo, cifukwa cace anapangidwa owerengeka. Cimene ogula a masiku aja anakana, adzukulu ao acilimbirana. Amisiri a mawochi anacizindikira ici. Cotero masiku ano apanga dala owerengeka, nalemba nambala pa iri yonse, kuti wogula aziti, Yonga yangayi ali nayo anthu 50 okha. Ife tiyesa iyi njala yocita kupanga, monga munthu wotseka nkhokwe yodzala kuti mtengo wa cimanga ukwere. Ndipo ambiri a mawochi otere saona dzuwa. Agona m'mabokosi acitsulo, kulindira okushoni wina.

Koma wochi ya Newman inali nako kanthu kena. Inayenda kawiri kucokera dzanja kunka dzanja popanda ndarama: mkazi anaipatsa mwamuna wace mwa nkhawa, mwamunayo naipatsa mnyamata wosowa. Mbiri imeneyi ndiyo inautsa mtima wa ogula. Wogulayo analandira citsulo ndi zilembo zace, koma mau aja sanalembedwera iye. Kodi adzamva ciani powawerenga?

Tisaweruze onse pamodzi, pakuti gawo lina la ndaramazo linapita ku bungwe lothandiza anthu la mwana wamkazi wa Newman. Ndiponso ku Geneva, pa 9 November 2019, pa okushoni wa Only Watch, wochi ya Patek Philippe, Grandmaster Chime, imene anapanga imodzi yokha yacitsulo, inagulidwa pa mafranki 31 miliyoni a ku Switzerland. Okushoni ameneyo anauyambitsa m'caka ca 2005 Luc Pettavino, amene mwana wace anadwala nthenda ya Duchenne, yofooketsa minofu ya ana amuna kufikira alephera kuyenda, pambuyo pace ndi kupuma komwe. Amisiri anapereka mawochi ao kwaulere, kuti ndarama zipite ku nchito yofuna mankhwala. Mwanayo anamwalira m'caka ca 2016, zaka zitatu wochi ija isanagulitsidwe.